Mboni za pa Mlandu wa Bere

Pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kunka ku Katete pali Madzimoyo, malo amene amisyoni a Dutch Reformed Church anakhazikitsa m'caka ca 1903, zitapita zaka zinai ciyambire nchito yao pa Magwero. Pamenepo ana ambiri a Angoni ndi Acewa anayamba kugwira sileti, ndipo pomwepo Justo Mwale anadzozedwa ubusa m'caka ca 1929. Bvuto la ophunzira a masiku aja linali kusowa kwa zowerenga. Buku limodzi linkayenda m'manja khumi kufikira litatha masamba. Wotsiriza sukulu lero ali ndi bvuto lina. Zowerenga zamcurukira, pakuti foni ya m'thumba mwace imtengera mau a ku America ndi ku Ulaya tsiku lomwelo alembedwa, abwino ndi oipa pamodzi, monga madzi osefukira atenga nsomba ndi zinyalala zomwe.

Mwa mau oyenda motere muli ena onena kuti mkazi wocotsa mimba adzadwala khansa ya m'mawere, ndi kuti madokotala a kunja anafufuza natsimikiza. Mauwa amveka olemekezeka, popeza abvala maina a anthu ophunzira ndi ziwerengero zambiri. Koma ngabodza. Akatswiri anaweruza mlandu umenewu zapita zaka zoposa 20, ndipo amene aufalitsabe alakwira akazi odwala, ngakhale colinga cao cikhale cabwino cotani. Komatu kungomva kuti ngabodza sikukwanira kwa munthu amene anapita ku sukulu. Ayenera kudziwa umo bodzali linabadwira, ndi muyeso umene linagwidwa nao, kuti mawa likadza linzace alizindikire yekha.

Poyamba mirandu iwiri isiyanitsidwe, cifukwa okonda mkangano aimanga mtolo umodzi. Mlandu woyamba ngwakuti kodi kucotsa mimba nkoyenera kapena ai. Umenewu ngwa cikumbu mtima, wa mipingo ndi wa opanga malamulo, ndipo anthu a Zambia akhala akutsutsanapo nthawi yaitali. Lamulo la caka ca 1972 lilola kuti mimba icotsedwe m'cipatala ngati madokotala atatu abvomerezana kuti moyo kapena thanzi la mai liri pangozi, kapena thanzi la ana amene ali nao kale, kapena kuti mwanayo adzabadwa wolemala kwambiri. M'caka ca 1991 Pulezidenti Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo m'caka ca 2016 anthu anafunsidwa pa voti za ndime zatsopano za ufulu, imodzi mwa izo yonena kuti moyo uyamba pa kutenga pakati. Koma obvomera sanakwane ciwerengero cofunika. Mkangano umenewo udakalipo. Mlandu waciwiri ngwakuti kodi kucotsa mimba kubala khansa. Umenewu voti siingauweruze, ulaliki sungauweruze; uweruzidwa ndi kuwerenga odwala. Munthu angathe kudana nako kucotsa mimba ndi mtima wace wonse nakanabe bodza la khansa, ndipo Mkristu ali ndi cifukwa coposa ena ca kulikana, popeza mwa malamulo khumi aja muli lina loletsa umboni wonama. Lamulolo silipatula kuti umboni wonama uloleka ukathandiza mbali yabwino.

Bodzali linamera pa tsinde la coonadi, ndico cifukwa cace labvuta kuzula. Nzoona kuti kubala ndi nthenda ya bere zikhudzana. Kale pafupi ndi caka ca 1700 sing'anga wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, anaona kuti nthendayi inacuruka pakati pa masisitere, akazi osabala. M'caka ca 1926 Janet Lane-Claypon wa ku England analinganiza akazi 500 odwala ndi akazi 500 osadwala, napeza kuti obala ana ambiri sanadwale kawirikawiri monga obala ocepa. M'caka ca 1970 Brian MacMahon wa ku Harvard ndi anzace a m'maiko angapo anaonetsa kuti msinkhu wa mkazi pobala mwana woyamba uli ndi mphamvu: wobala asanakwane zaka 18 anali ndi ciopsezo ca gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi woyamba kubala pa zaka 35 kapena kuposa. Ndipo m'caka ca 2002 akatswiri a ku Oxford, atasonkhanitsa zofufuza za m'maiko 30, anapeza kuti mwana ali yense wobadwa acepetsa ciopsezo ndi magawo 7 pa 100, ndi kuti miyezi 12 iri yonse ya kuyamwitsa icepetsanso ndi magawo 4 pa 100. Tsono amai a kumudzi oyamwitsa mwana zaka ziwiri acita bwino osadziwa. Koma mtsikana asamve izi nathamangira ukwati, pakuti ngozi za kubala iye mwini akali mwana ziposa kutali phindu limeneli.

Cifukwa cace ciri m'mapangidwe a bere. Mkazi akatenga pakati, m'mwazi mwace mucuruka timadzi tochedwa mahomoni, makamaka estrogen, ndipo timinofu ta m'bere tiyamba kuswana kukonzekera mkaka. M'miyezi yotsiriza timinofuto tikhwima, ndipo tokhwimato sitisanduka khansa msanga. Potero ena anaganiza kuti mimba ikadulidwa pa miyezi yoyamba, bere litsala ndi timinofu tambiri tosakhwima, ndipo mwini wace akhala pangozi koposa mkazi amene sanatenge mimba konse. M'caka ca 1980 Jose Russo ndi Irma Russo a ku America anayesa ganizoli pa makoswe opatsidwa mwadala mankhwala obala khansa. Makoswe obala ana anatetezeka. Odulidwa mimba anadwala monga anzao osatenga mimba. Ganizolo linali lanzeru, ndipo linayenera kuyesedwa pa anthu. Ganizo lanzeru si umboni ai.

Mboni zoyamba za anthu zinaoneka ngati zilibvomereza. Mitsuo Segi wa ku Japan analemba m'caka ca 1957 kuti mwa akazi odwala nthendayi munali ocotsa mimba ambiri kuposa mwa osadwala. Ena anapeza comweco, ena sanapeze kanthu. M'caka ca 1994 Janet Daling wa ku Seattle anafunsa akazi 845 odwala ndi akazi 961 osadwala, nalemba kuti ciopsezo ca ocotsa mimba cinakula ndi theka. M'caka ca 1996 Joel Brind wa ku New York, munthu wodziwika ndi kutsutsa kucotsa mimba, anaphatikiza zofufuza 23 natulutsa ciwerengero ca 1.3, ndiko kunena kuti pamene akazi ena adwala 10, ocotsa mimba adwala 13. Maina amenewa ndiwo achulidwa kufikira lero m'timapepala ndi m'mafoni. Anthuwo alipodi, zolemba zao ziripodi, ndipo wonena kuti palibe kafukufuku ali yense amene anapeza zotere anamanso.

Nanga bodza liri pati? Liri m'kafunsidwe ka mboni. Ali yense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu adziwa kuti mboni siziwerengedwa monga nkhuku, kuti mbali ya mboni zambiri ndiyo yapambana. Akulu ayamba afunsa kuti mboniyo inaima pati, inaona ndi maso kapena inangomva, ndipo iri ndi cifukwa canji ca kubisa. Nazo zofufuza za madokotala ziyesedwa comweco.

Pali njira ziwiri zofufuzira cimene cibala nthenda. Yoyamba ndiyo yoyang'ana m'mbuyo. Wofufuza apeza akazi odwala kale, napezanso akazi osadwala a msinkhu womwewo, nawafunsa onse za moyo wao wakale. Njirayi njofulumira ndi yosadya ndalama zambiri, ndipo pa mafunso ena igwira bwino nchito. Yaciwiri ndiyo yoyang'ana m'tsogolo. Wofufuza alemba mbiri ya akazi ambirimbiri akali bwino onse, kapena aitenga m'kaundula wa cipatala wolembedwa pa tsiku la cocitikaco, nadikira zaka khumi kapena makumi awiri kuona amene adzadwala. Njirayi njocedwa ndi yodula, monga anena akulu kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pafupifupi zofufuza zonse zimene Brind anaphatikiza zinali za njira yoyamba.

Tsono munthu aganize za funso lofunsidwalo. Mlendo wa pepala m'manja afika pakhomo nafunsa mai wa banja lace, wolemekezeka mu mpingo, ngati anacotsapo mimba ali mtsikana. Mai wosadwala alibe cifukwa ca kuulula cinsinsi cotere kwa mlendo. Mwina ngakhale mwamuna wace sacidziwa, ndipo ayankha kuti ai. Koma mai amene dokotala wamuuza dzulo kuti ali ndi khansa wagona usiku wonse akusanthula moyo wace, kufuna cimene cinambweretsera tsokali, ndipo akafunsidwa m'cipatala anena zonse, poyembekeza kuti coonadi cithandiza kumciza. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Munthu ayerekeze akazi 100 odwala ndi akazi 100 osadwala, ndipo m'gulu liri lonse muli 20 amene anacotsapo mimba, magulu onse awiri cimodzimodzi. Mwa odwala aulula 18, mwa osadwala aulula 12. Wofufuza alemba 18 ndi 12, naona kusiyana kwakukulu, ngakhale palibe kusiyana kuli konse. Iye sananame, masamu ace ngolondola, koma cimene wayesa ndi manyazi a akazi osadwala.

Pamene kusiyana kuli kwakukulu zedi, cilema cotere sicingasokoneze mlandu. Wosuta fodya adwala khansa ya m'mapapo kakhumi ndi kuposa poyerekeza ndi wosasuta, ndipo palibe kubisa kumene kungabale kusiyana kotero. Koma 13 pa 10 nkusiyana kocepa, kumene akazi owerengeka obisa angakupange okha.

Izi sizinangoganiziridwa, zinagwidwa poyera. Ku Sweden, m'caka ca 1991, Lindefors-Harris ndi anzace analinganiza mayankho a akazi ndi zolembedwa m'kaundula wa Boma wa mimba zocotsedwa, napeza kuti osadwala anabisa koposa odwala. Umboni wina womveka unacokera ku Holland m'caka ca 1996. Matti Rookus ndi Flora van Leeuwen anafunsa akazi a m'zigawo ziwiri za dziko laling'onolo. Kumadzulo, kumene anthu sacita nayo manyazi kwambiri nkhani yotere, ciwerengero cinatuluka 1.3. Kum'mwera ca kum'mawa, kumene kuli Akatolika ambiri osunga mwambo, cinatuluka 14.6, ndipo cinakhazikika pa akazi owerengeka cabe. Kodi mawere a akazi a cigawo cimodzi apangidwa mosiyana ndi a anzao okhala ulendo wa maora awiri? Eni ace a kafukufukuyo sanatero. Anati kusiyanako kunacokera m'kubisa. Ngati manyazi acita zotere ku Holland, nanga kwa Mpezeni kapena kwa Gawa Undi, kumene nkhani ya mimba ikambidwa ndi anamkungwi okha, wofufuza wa pepala m'manja angamve coonadi cotani?

Cofunika cinali mboni yopanda manyazi, ndipo inapezeka ku Denmark. M'dzikomo munthu ali yense ali ndi nambala yace, monga ya pa citupa, ndipo zipatala zilemba nambalayo pa mimba iri yonse yocotsedwa ndi pa khansa iri yonse yopezedwa. Mads Melbye wa ku Copenhagen ndi anzace sanafunse mkazi ndi mmodzi yemwe. Anangolunzanitsa makaundula a akazi onse obadwa kuyambira 1935 kufikira 1978, ndiwo akazi 1.5 miliyoni, oposa theka la anthu onse a m'Cigawo ca Kum'mawa. Mwa iwo 280,965 anacotsapo mimba, ndipo 10,246 anadwala khansa ya m'mawere. Zotsatira zinasindikizidwa m'caka ca 1997, ndipo ciwerengero cinali 1.00: pamene akazi ena adwala 100, ocotsa mimba adwalanso 100.

Otsutsa sanakhale cete, ndipo cimodzi ca zonena zao cinali comveka. Anati kaundula amene Melbye anagwiritsa nchito anayamba m'caka ca 1973, motero akazi acikulire amene anacotsa mimba cisanafike cakaco anawerengedwa monga osacotsa. Nzoona, ndipo kafukufuku mmodzi, ngakhale akule cotani, satha mlandu yekha. Koma ena anatsata. M'caka ca 2004 Valerie Beral ndi anzace a ku Oxford anapempha ofufuza a m'maiko 16 kuti atumize zolemba zao zenizeni, za kafukufuku 53 ndi akazi odwala 83,000, nazisanthula mwatsopano, kupatula zoyang'ana m'mbuyo pazokha ndi zoyang'ana m'tsogolo pazokha. Zoyang'ana m'mbuyo zinapatsa 1.11, zoyang'ana m'tsogolo zinapatsa 0.93. Mlandu wonse uli m'ziwerengero ziwirizi. Mkazi akafunsidwa atadwala kale, cibale ca mimba ndi khansa cioneka; mbiri yace ikalembedwa asanadwale, cibaleco cisowa. Nthenda yeniyeni siidikira kuona njira imene wofufuza wasankha. M'caka ca 2007 Karin Michels wa ku Harvard anafalitsa za anamwino 105,716 a ku America amene anatsatidwa zaka khumi, ndipo ciwerengero cao cinali 1.01. Nao akazi opita padera, amene mimba inacoka yokha, sanapezeke ndi ciopsezo cowonjezeka.

Mabungwe a zaumoyo anaweruza motsata umboniwu. World Health Organization inanena m'caka ca 2000 kuti kucotsa mimba sikukulitsa ciopsezo ca khansa ya m'mawere. M'caka ca 2003 National Cancer Institute ya ku America inaitana akatswiri oposa 100 kuti akambirane masiku atatu, ndipo anagamula comweco. Brind ndiye analemba kutsutsa. Komabe woyesa umboni asadalire kukula kwa maina amenewa. Cimene cipatsa mphamvu cigamulo cao ndi makaundula aja, amene munthu wina ali yense wodziwa masamu angawawerengenso.

Cinkana zatero, nthawi ndi nthawi patuluka pepala latsopano, ndipo ofalitsa mantha alinyamula pamutu monga akazi anyamula mtanga wa zokolola. Lochuka ndi la ku China la caka ca 2014, la Yubei Huang ndi anzace, limene linaphatikiza zofufuza 36 ndi kunena kuti ciopsezo cikula ndi magawo 44 pa 100. Wophunzira afunse funso lomwe lija: zinali za njira iti? Zofufuza 34 zinali zoyang'ana m'mbuyo, ziwiri zokha zoyang'ana m'tsogolo. Ndipo ku China komweko kafukufuku wa caka ca 2002, wa akazi oposa 260,000 ogwira nchito m'mafakitale a nsaru ku Shanghai, sanapeze cibale. Mlimi wa nsawawa kapena thonje adziwa kuti sikelo ikakhala yokhota, kupimapo thumba ka 34 sikuiongola.

Pali kanjira kena kozembera kamene otsutsa akonda. Ati mtsikana wocotsa mimba yace yoyamba ataya citetezo cija cimene akadapeza akadabala, tsono ciopsezo cace cakula. Mau awa asakaniza zinthu ziwiri. Nzoona kuti sapeza citetezoco, koma alingana ndi mtsikana mnzace amene sanatenge mimba konse: wopitiriza sukulu, wodikira ukwati, kapena sisitere wa ku Chikungu. Palibe mlaliki amene anaimirira kucenjeza namwali wodzisunga kuti kudzisunga kwace kudzambweretsera khansa. Akanena za wocotsa mimba yekha, asonyeza kuti cimene afuna ndi kuopseza.

Ena ati madokotala a kunja anapangana kubisa coonadi cifukwa akonda kucotsa mimba, kapena cifukwa ca ndalama. Mau otere akoma m'khutu, ndipo sangatsutsidwe mosabvuta, popeza umboni uli wonse wotsutsa ungochedwa gawo la cipanganoco. Koma zocita za anthu onenedwawo ziyang'anidwe. Gulu lomwelo la ku Oxford ndilo linalengeza m'caka ca 1996 kuti mapiritsi olera akulitsa ciopsezo pang'ono pamene mkazi ali kumwa, ndi kuti ciopsezoco citha zikapita zaka khumi atasiya. Ndilo linalengeza m'caka ca 1997 kuti mankhwala a mahomoni opatsidwa kwa akazi osiya kusamba akulitsa ciopsezo, ndi m'caka ca 2002 kuti mowa nao utero. Uthenga umenewu sunakondweretse opanga mankhwala, ngakhale olimbikitsa kulera, ngakhale ofulula mowa. Anthu olankhula mosaopa pa zinthu zimenezi akadabisiranji cimodzi cokha?

Wina angati zonsezi nza azungu, nanga zikhudza bwanji mai wa pa Madzimoyo kapena pa Mtenguleni? Zimkhudza kwambiri, ndipo apa ndi pamene bodzali lisanduka cinthu coopsa. Kuyambira makedzana anthu a kuno akhala ndi cizolowezi ca kufuna wolakwa pa nthenda iri yonse. Mwana akatupa, ankati makolo amdula, ndiwo mdulo. Mkazi akabvutika pobala, azamba akale ankamkakamiza kuchula amuna amene anayenda nao, iye ali pakati pa moyo ndi imfa, pamene cobvuta cinali ciuno copapatiza kapena mwana wogona mopingasa. Ambiri ankati malungo adza ndi kudya cimanga caciwisi kapena misale, osaona kuti dzinja lomwelo lobala cimanga ndilo libala udzudzu. Sukulu ndi mpingo zinalimbana ndi maganizo otere zaka zambiri. Tsono mau akuti khansa ya m'mawere ndiyo mphotho ya kucotsa mimba ndi mdulo womwe uja, wangobvala malaya oyera a dokotala.

Munthu aganize za mai amene posamba wamva kacotupa kolimba m'bere lace, ndipo anamvapo kuti nthenda yotere igwira ocotsa mimba. Akauza mwamuna wace, mwamunayo adzaganiza ciani? Akauza apongozi, mawa mudzi wonse udzakumbukira mimba ija inapita padera zaka khumi zapitazo, nuyamba kufunsa ngati inacokadi yokha. Motero maiyo akhala cete, namanga nsaru yace molimba, nadikira. Ndipo pa khansa ya m'mawere kudikira ndiko kupha. Cotupa cikapezedwa cikali cacing'ono, ambiri acira. Cikafalikira m'khwapa, m'mafupa ndi m'mapapo, dokotala angocepetsa ululu. Kafukufuku wa akazi odwala nthendayi m'maiko asanu a mu Africa, Zambia pamodzi, wofalitsidwa m'caka ca 2020, anapeza kuti mwa odwala a ku Zambia osakwana theka anali moyo zitapita zaka zitatu, pamene mwa akazi acizungu a ku Namibia anali moyo 9 mwa 10; ndipo cimodzi ca zifukwa zazikulu cinali kufika ku cipatala nthenda itakula kale. Zocedwetsa ziripo kale zokwanira. Cipatala cacikulu ca khansa, cotsegulidwa m'caka ca 2007, ciri ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata, ndipo ndalama za basi ndi za wodwazika sizipezeka tsiku limodzi. Wowonjezera manyazi pamwamba pa mtolo umenewu asanene kuti ali kuteteza moyo. Ndipo akumbukire kuti nao amuna adwala khansa ya m'mawere, pafupifupi mmodzi mwa odwala 100, koma palibe anawafunsapo za mimba.

Bodzali liwononganso mau a ocenjeza eni ace. Kucotsa mimba mobisa, ndi mankhwala a kuchire kapena m'manja mwa munthu wosaphunzira, kuli ndi ngozi zenizeni zosafuna kukometsera: kutaya mwazi, kuola kwa ciberekero, kusabalanso, ndi imfa. Anamwino a ku Chipata Central Hospital, a ku Mwami ndi a ku St Francis ku Katete sasowa kuuzidwa zimenezi. Kholo kapena mkulu wa mpingo wofuna kulangiza mwana ali ndi zoona zambiri zonena. Koma mtsikana wa masiku ano ali ndi foni yomweyo, ndipo tsiku limene adzapeza kuti za khansa zija zinali zopeka, adzakayika ndi zoona zomwe, nataya malangizo onse pamodzi.

Ndipo pamene anthu ataya nthawi ndi khansa yongoganizira, yeniyeni iri kudya akazi. M'Zambia khansa yogwira akazi koposa zonse ndi ya khomo la ciberekero. Ya m'mawere ndiyo yaciwiri. Pa ya khomo la ciberekero cobala cace cidziwika bwino lomwe, ndiko kacirombo kochedwa HPV, kopatsirana pa kugonana, ndipo cibale cace ndi nthendayo ncacikulu kotero kuti njira zonse za kafukufuku zicipeza. Kupima kwace, kopaka viniga pa khomolo, kunayamba ku Lusaka m'caka ca 2006 nikufalikira m'zigawo, ndipo katemera wa atsikana anayamba kuperekedwa m'dziko lonse m'caka ca 2019. Wokonda moyo wa akazi akadathera mphamvu zace pamenepo, kukakamiza alongo ace ndi amai ace kuti akapimitse.

Za bere, zimene zidziwika kuti zikulitsa ciopsezo ndi izi: kukalamba koposa zonse, nthendayo kukhala pa mtundu monga kwa mai kapena mbale wa bere limodzi, mowa, kunenepa kwambiri mkazi atasiya kusamba, ndi kucedwa kubala kapena kusabala. Akazi ambiri odwala alibe cifukwa cina coonekera koma msinkhu ndi ukazi wao. Cotero wotsiriza sukulu, amene pa mudzi ndiye aitanidwa kuwerengera akulu makalata ndi mauthenga a m'foni, akapatsidwa mau onena kuti kafukufuku watsimikiza cakuti, afunse kuti anthu ofufuzidwawo anali angati, anafunsidwa asanadwale kapena atadwala, analinganizidwa ndi yani, ndipo ena atabwereza anapeza ciani. Ndipo azakhali ace kapena amai ace akamuuza za cotupa m'bere kapena m'khwapa, za khungu la bere lokwinyika monga khoko la lalanje, za nsonga ya bere yolowa m'kati kapena yotulutsa mwazi, awaperekeze ku cipatala sabata lomwelo. Zotupa zambiri za m'bere si khansa ai, makamaka mwa akazi acitsikana, koma wosiyanitsa ndi dokotala atapima, ndipo nthawi zina atatenga kanyama kacing'ono kukaunika.